Mwendo wa kavalo wafunda, mpikisano watsala masiku anayi: ndichite bwanji?

Wam'khola: Moni nonse a pagulu. Nthawi yonseyi ndakhala ndikungowerenga zanu osayankhapo, koma lero zandikulira. Ndine wachiwiri kwa mphunzitsi pa khola lina la akavalo a mjaho. Abwana anga agonekedwa m'chipatala, ndiye zonse zagwera ine. Tili ndi kavalo wamkazi wa zaka zitatu amene ndamulera ndi manja angawa kuyambira tsiku lomwe anafika, asanadziwe n'komwe kuti chishalo n'chiyani. Loweruka likubwerali akuyenera kuthamanga mamita 1,600, ndipo aka n'koyamba kuti tione kuti akhoza kuwina. Dzulo Lolemba anathamanga bwino poyeserera, mpaka womukwera anatsika mano ali panja. Koma lero m'mawa ndikumusisita miyendo monga mwa masiku onse, ndamva kuti mwendo wakutsogolo wa kumanzere, chakumbuyo kwa fupa lija la mmunsi mwa bondo, wafundirapo kuposa unzake. Kutupa kwake n'kochepa moti wongoyang'ana sangaone. Sakutsimphina. Chakudya wamaliza chonse. Ndamuyendetsa pa simenti, akuponda bwinobwino. Mwini wake ndamuimbira, wandiyankha kuti ndisamuuze za maloto, iye waitana kale abale ndi anzake kuti akaonerere. Ndichite bwanji?

Dokotala wa Ziweto: Achimwene, choyamba asathamangenso mpaka aunikidwe. Osati mawa, osati "pang'ono pokha kuti tione". Ndikufunseni: mukamapanikiza pamalopo ndi chala chachikulu ndi cholozera, mwendo uli m'mwamba, akuchita bwanji?

Wam'khola: Akukoka mwendo, adokotala. Osati mwamphamvu, koma kumanja sakutero.

Dokotala wa Ziweto: Ndiye itanani dokotala wanu abwere ndi makina a ultrasound. Malo mukunenawo ndi pamene pamadutsa mtsempha waukulu wokoka chiboda. Anthu ambiri sadziwa kuti mmunsi mwa bondo la kavalo mulibe mnofu, muli fupa, mitsempha ndi chikopa basi. Kavalo wa mjaho amalemera makilogalamu 450 mpaka 500, ndipo akamathamanga pa liwiro la makilomita 60 pa ola imafika nthawi imene thupi lonselo limatsamira pa mwendo umodzi wakutsogolo. Mtsemphawo umatamuka ngati legeni, n'kubwerera, n'kutamukanso. Pa liwiro lotere umakhala uli kale pafupi ndi malire ake. Tsono sumaduka tsiku limodzi ayi. Timaulusi ta m'kati timayamba taduka tochepa, kenako tina, ndipo chizindikiro choyamba n'chimene mwamva ndi dzanja lanulo: kufunda, katupidwe kakang'ono, kumva kuwawa mukapanikiza. Kusatsimphina kusakupusitseni. Akavalo ambiri ovulala mtsemphawu satsimphina poyamba. Pakadali pano muthirireni madzi ozizira a pa paipi mphindi 20, kawiri kapena katatu pa tsiku, mumumange bandeji miyendo yonse iwiri yakutsogolo, akhale m'khola.

Mnyamata wa Matikiti: Koma adokotala mukuopsezatu mwana wa eni. Kavalo akudya, akuponda bwino, mwini wake akufuna. Ingomupatsani mankhwala aja a ululu otchedwa bute kutenthako kutsike, athamange Loweruka, azikapuma pambuyo pake. Mphindi imodzi ndi theka yokhayo ingaphe kavalo?

Wokwera Wakale: Aise, mphindi imodzi ndi theka imeneyo unayamba wakhalapo pamsana pa kavalo? Ine ndinakwera zaka 14. Tsiku lina ndinali pa kavalo amene aliyense m'khola ankadziwa kuti mwendo wake suli bwino, kupatula ine. Tikukhota kona yomaliza, ndili wachitatu, ndikuona mpata, ndinangomva ngati wina wathyola nthambi youma pansi panga. Phewa la kavalo linangotsika. Ndinadzidzimuka ndili mu ambulansi, fupa la m'khosi ndi nthiti zitatu zitathyoka. Kavaloyo sanabwerere kukhola. Mnyamata amene ankamusamalira anabwerera ndi chingwe chokha m'manja, ndipo anasiya ntchito sabata yomweyo. Ukamapereka mankhwala obisa ululu, dziwa kuti pamsanapo pali mwana wa munthu wolemera makilogalamu 50 okha, kumbuyo kwake kukubwera akavalo ena khumi.

Dokotala wa Ziweto: Ndiwonjezerepo: bute, dzina lake lonse phenylbutazone, sachiza mtsempha, amangozimitsa belu lochenjeza. Komanso akavalo amayezedwa magazi ndi mkodzo ukatha mpikisano. Kumbukirani Medina Spirit. Anafika woyamba pa Kentucky Derby ya 2021, koma atamupeza ndi mankhwala a betamethasone, osaloledwa pa tsiku la mpikisano, analandidwa chipambanocho n'kupatsidwa Mandaloun. Ngati zinatheka pa mpikisano waukulu choncho, inu laisensi yanu ingapulumuke?

Mnyamata wa Matikiti: Chabwino, ndagonja. Ndimangofunsa.

Gogo Chishalo: Mdzukulu wanga Wam'khola, ndayamba ndakuyamikira. Dzanja limene lamva kufundako ndiye chuma chako chonse pa ntchito imeneyi. Ine ndinaphunzitsa akavalo zaka zoposa 30, ndipo amene anandiphunzitsa ntchito ankandidzutsa kusanache, magetsi osayatsa, n'kundiuza kuti ndigwire miyendo ya akavalo onse mumdima. Ankati maso amaona zimene mtima ukufuna, koma dzanja silidziwa kuti Loweruka kuli mpikisano. Ndikanena kuti onse ali bwino, ankabwereza yekha, akapeza umodzi wofunda ndinkachapa makola onse ndekha. Ndinkadana nawo kwambiri akuluwo.

Tsono mvera. Chimene chikukusautsa si mwendo, zimenezo adokotala akuuza kale. Chikukusautsa ndi mwini wake. Anthu akunja amaganiza kuti ntchito yathu ndi yophunzitsa akavalo. Akavalo savuta. Theka la ntchito ndi kuphunzitsa eni akavalo, ndipo ameneyo ndiye kavalo wosamva chingwe. Munthu walipira mwezi ndi mwezi chakudya, dokotala, wokhoma zitsulo za kuziboda, malipiro a anyamata, kwa chaka ndi theka, sanaonepo kalikonse. Lero ukumuuza kuti adikirenso. Nayenso umumvetse. Koma usamufunse maganizo ngati kuti nkhaniyo ili pokambirana. Umuuze kuti, "Bwana, kavalo sathamanga Loweruka. Dokotala abwera mawa, bwerani mudzaone nokha pa makina." Umuitane adzaone. Akaona dontho lakuda lija pa sikirini ndi maso ake, mkangano umachepa.

Wam'khola: Agogo, vuto ndi lakuti bamboyu ali ndi akavalo atatu pa khola lathu, mwa 16 amene tili nawo. Akakwiya n'kuwachotsa onse, abwana anga akatuluka m'chipatala ndidzawauza chiyani?

Gogo Chishalo: Udzawauza kuti akavalo 13 ali moyo ndipo atatu ali moyo kwina. Akhoza kuwachotsadi, sindikunamiza. Ine anandichotserapo asanu tsiku limodzi, lole inabwera ndili kudya. Ndinagulitsa galimoto kuti ndilipire antchito mwezi umenewo. Walira mvula walira matope, mdzukulu wanga.

Mayi Mafunso: Pepani akuluakulu, ine ndine mlendo pa nkhanizi, ndinalowa m'gulu muno chifukwa mwana wanga amakonda akavalo. Chimene sindimvetsa n'chakuti, bwanji kavalo akathyoka mwendo amangomupha? Galu akathyoka timamumanga, munthu amaikidwa pulasitala. Kavalo wa ndalama zambirimbiri alephera bwanji?

Dokotala wa Ziweto: Funso labwino, mayi. Si kuthyoka kulikonse kumene kumaphetsa, ming'alu yambiri timaimanga ndi zomangira zachitsulo ndipo akavalo ena amabwereranso kukathamanga. Vuto ndi pamene fupa laphwanyika zidutswazidutswa kapena labowola chikopa. Munthu mungamuuze kuti agone miyezi itatu. Kavalo sangagone nthawi yaitali, kulemera kwake komwe kumamuwononga mapapo ndi minofu, ndipo chibadwa chake n'chakuti akadzidzimuka aimirire n'kuthawa. Ndiye amaima ndi miyendo itatu. Mwendo wabwino uja umene wasenza katundu wa unzake umagwidwa nthenda yotchedwa laminitis: timinofu tomwe timalumikiza chiboda ndi fupa la m'kati timatupa n'kuyamba kulekana. Yerekezani chikhadabo chikusupuka, koma inu mutaimira chala chimenecho ndi thupi lonse.

Kalondolondo: Chitsanzo chake ndi Barbaro. Anawina Kentucky Derby ya 2006 mosavuta, asanagonjepo chibadwire. Patangotha masabata awiri, pa mpikisano wa Preakness, anaphwanyika mwendo wakumbuyo wa kumanja atangonyamuka. Eni ake anali ndi ndalama, anamutengera ku New Bolton Center ya University of Pennsylvania, madokotala anamuika chitsulo ndi zomangira zoposa 20. Fupa linayamba kulumikizana ndithu. Chimene chinamugonjetsa ndi laminitis yomwe akunena adokotalayi, inayambira mwendo wakumbuyo wa kumanzere. Madokotala anamupha kuti asavutikenso pa 29 January 2007, atalimbana miyezi isanu ndi itatu. Ngakhale Secretariat, amene mu 1973 anawina Belmont Stakes atasiya anzake mtunda wa akavalo 31, anafa ndi nthenda yomweyi mu 1989.

Mayi Mafunso: Mayo ine. Ndiye mwati chinamupha ndi mwendo umene sunathyoke?

Dokotala wa Ziweto: Eya mayi, nthawi zambiri zimatero.

Sindibetcha: Ndakhala chete koma ndilankhule. Nonse mukukamba ngati ndinu achifundo, koma amene mumaika akavalowa pa ngozi ndinu nomwe. Mumayamba kuwakwera asanakwanitse zaka ziwiri, mafupa asanakhwime. Mumawatsekera m'kachipinda maola oposa 20 pa tsiku, nyama imene inalengedwa kuti iziyenda ikudya msipu tsiku lonse. Ambiri ali ndi zilonda za m'mimba. Ena amatuluka magazi m'mapapo akathamanga. Eight Belles anafika wachiwiri pa Kentucky Derby ya 2008, atangodutsa mzere anathyoka miyendo yonse iwiri yakutsogolo, anamuphera pabwalo pomwepo anthu akuona. Ku Santa Anita mu 2019 akavalo anafa motsatizana mpaka bwalo analitseka kwa kanthawi. Zonsezi kuti anthu ovala zipewa azibetcha. Ndiye muzitiuza za dzanja lomva kufunda?

Wokwera Wakale: Achemwali, inu munadzukapo 4 koloko m'mawa kukapala ndowe za kavalo? Munagonapo m'khola usiku wonse kavalo akudwala m'mimba?

Sindibetcha: Kudzuka m'mamawa sikusintha chiwerengero cha akavalo akufa, achimwene.

Dokotala wa Ziweto: Tisakangane, chifukwa achemwaliwa zambiri akunena zoona ndipo ife a m'ntchitoyi tisamazembe. Za zilonda za m'mimba n'zoona. Mimba ya kavalo imatulutsa asidi usana ndi usiku, kaya wadya kaya sanadye, chifukwa kutchire amadya pang'onopang'ono pafupifupi maola 16 pa tsiku. Ife timamupatsa chakudya chambewu chambiri kawiri kapena katatu, udzu wochepa, kenako n'kumuthamangitsa m'mimba muli pululu, asidi uja n'kumakhavukira kumtunda kumene kulibe chotchinga. Makola anzeru masiku ano amasiya udzu wouma nthawi zonse ndipo amapatsa kavalo kaudzu pang'ono asanapite kokathamanga. Za magazi m'mapapo n'zoonanso, ndipo ku America akhala akukangana zaka zambiri za Lasix, mankhwala ochepetsa vutoli, amene ku Ulaya saloledwa pa tsiku la mpikisano.

Pamene ndikusiyana nanu ndi pa nkhani ya msinkhu. Fupa ndi chinthu chamoyo, limalimba molingana ndi ntchito imene likupatsidwa, ndipo limaphunzira bwino likadali laling'ono. Kavalo amene wangokhala osathamanga mpaka zaka zinayi sakhala ndi mafupa olimba kuposa anzake. Choopsa si kuyamba msanga, koma kuwonjezera liwiro ndi mtunda mofulumira kuposa mmene fupa lingadzimangire. Mtima ndi minofu zimakhwima m'masabata ochepa, fupa ndi mitsempha zimafuna miyezi. Ndiye kavalo amaoneka wokonzeka, iye mwini akufuna kuthamanga, akukoka zingwe, koma miyendo isanafike. Mphunzitsi wosaleza mtima amagwera pamenepo.

Sindibetcha: Ndamva, adokotala. Koma amene amasankha ndi munthu, kavalo safunsidwa.

Gogo Chishalo: Pamenepo sindikutsutsa, mwanawe. Safunsidwadi. N'chifukwa chake mlandu wonse uli pa ife. Ine pali akavalo awiri amene mpaka lero ndikagona ndimawaona, ndipo onse awiri ndinawathamangitsa ndikudziwa kuti mtima wanga ukukana. Zinthu zikusintha, ngakhale mochedwa. Ku Britain tsopano chikwapu chili ndi malire, kasanu ndi kamodzi pa mpikisano wa pabwalo losalala, kasanu ndi kawiri pa wodumpha mipanda, ukapyola umalangidwa. Pa Grand National, mpikisano wawo waukulu wodumpha mipanda, anachepetsa akavalo kuchoka pa 40 kufika pa 34. Zimenezi sizinabwere chifukwa cha ife, zinabwera chifukwa cha anthu a pakamwa ngati iwe. Ndiye usachoke m'gulu muno.

Admin: Zikomo agogo. Tiyeni tibwerere kwa mnzathu amene wafunsa, nkhani ya kuletsa kapena kusaletsa mijaho ili ndi ulusi wake.

Kalondolondo: Wam'khola, mwini kavalo wakoyo umuuze nkhani ya Red Rum. Kavalo ameneyu anali ndi nthenda ya fupa la m'chiboda, anthu ankamuona ngati wotha ntchito. Anamugula Ginger McCain, munthu amene ankayendetsa takisi ndi kugulitsa magalimoto akale ku Southport, khola lake lili kuseri kwa malo ogulitsira magalimotowo. Analibe bwalo loyeserera, ankathamangitsira akavalo ake pa mchenga wa m'mbali mwa nyanja, ndipo Red Rum ankalowa m'madzi ozizira a mcherewo. Kutsimphina kunatha. Anawina Grand National mu 1973, 1974 ndi 1977, n'kukhala wachiwiri mu 1975 ndi 1976. Koma mbali imene anthu amaiwala ndi iyi: mu 1978 dziko lonse la Britain likudikira kuti athamange kachisanu ndi chimodzi, anapezeka ndi vuto pa mwendo kutatsala tsiku limodzi, ndipo McCain anamuchotsa. Sanathamangenso. Anakhala moyo mpaka 1995, zaka 30, ndipo anaikidwa pa mzere womalizira pa Aintree, bwalo la Grand National.

Mnyamata wa Matikiti: Ndiye kuti tizipita nawo kunyanja akavalo onse otsimphina?

Dokotala wa Ziweto: Ayi, musatengere. Vuto la Red Rum linali la m'chiboda, la mnzathuyu ndi la mtsempha, ndipo mchenga wakuya ndi mdani wa mtsempha wovulala. Madzi ozizira okhawo ndiwo tingabwereke.

Wam'khola: Ndabweranso, lero Lachitatu. Dokotala anabwera 10 koloko. Anameta ubweya kumbuyo kwa mwendo, anapaka mafuta aja, n'kuyamba kutsitsa kachipangizo pang'onopang'ono. Poyamba zonse zinali zoyera ngati mpunga, kenako pakati pa mtsempha panaoneka kabowo kakuda, kozungulira, kakang'ono ngati njere ya nandolo. Dokotala sanalankhule, anangoimitsa chithunzi n'kundiyang'ana. Akuti tachipeza msanga. Akuti akanathamanga Loweruka, mwina bwenzi tikunena zina. Mwini wake ndinamuitana monga munanenera agogo. Anabwera, anaona, anafunsa kuti "miyezi ingati?" Atamva kuti pakati pa isanu ndi inayi ndi chaka, anangotuluka osatsanzika. Madzulo ano watumiza uthenga kuti akavalo ake awiri enawo abwera kudzawatenga Lachisanu. Wovulalayu akuti atsale, "poti mwamuwononga ndinu."

Wokwera Wakale: Pepa mphwanga. Mawu amenewo amawawa kuposa kugwa pa kavalo.

Mayi Mafunso: Koma chaka chathunthu chifukwa cha kabowo konga nandolo? Ndimayesa ndi masabata awiri.

Dokotala wa Ziweto: Mtsempha umalandira magazi ochepa, mayi, ndiye umapola mochedwa. Ndipo supola ndi ulusi wofanana ndi woyamba, umapola ndi chipsera, cholimba koma chosatamuka bwino. N'chifukwa chake ambiri amavulalanso, kawirikawiri m'mphepete mwa chipseracho kapena mwendo winawo. Wam'khola, ndisakunamizeni, si onse amene amabwerera pa mpikisano. Koma mwayi wanu ndi wabwinopo chifukwa bala ndi laling'ono ndipo kavalo ndi wamng'ono. Chofunika ndi ndondomeko: masabata oyamba m'khola ndi kumuyendetsa pamanja mphindi zochepa, kenako kuwonjezera pang'onopang'ono, kuunikanso ndi makina miyezi iwiri kapena itatu iliyonse musanakweze ntchito. Choopsa chimabwera mwezi wachitatu kapena wachinayi, mwendo ukazizira n'kuoneka wokongola, kavalo akudumphadumpha, aliyense n'kumati wachira. Sanachire. Ndipo muchepetse chakudya chambewu lero lomwe, apo ayi adzakugumulirani khola, mwinanso kudwala m'mimba. Paja kavalo sasanza, chimene chalowa chiyenera kudutsa.

Gogo Chishalo: Mdzukulu wanga, usiku uno sugona, ndikudziwa. Uziwerengera ndalama za akavalo awiri achokawo. Ndikuuze za Henry Cecil. Munthu ameneyu anakhala katswiri wa aphunzitsi onse ku Britain maulendo khumi. Khola lake la Warren Place ku Newmarket linkadzaza. Kenako zinthu zinatembenuka: Sheikh Mohammed anachotsa akavalo ake onse mu 1995, eni ena akuluakulu anamwalira, mapasa mnzake anamwalira ndi khansa, ndipo mu 2005 munthu amene ankawina mipikisano yoposa 100 pa chaka anawina 12 yokha. Anthu ankanong'onezana kuti watha. Kenako naye anamupeza ndi khansa ya m'mimba. Ali m'kati modwala chomwecho, Khalid Abdullah, mmodzi mwa ochepa amene sanamutaye, anamutumizira mwana wa kavalo dzina lake Frankel. Kavalo wamphamvu koma waphuma, wofuna kuthamanga mtunda wonse ngati akuthawa moto. Ntchito ya Cecil sinali yomuphunzitsa liwiro, liwiro anabadwa nalo. Inali yomuphunzitsa kudikira. Ankamuyendetsa kumbuyo kwa m'bale wake Bullet Train m'mawa uliwonse kuti aphunzire kukhazikika. Frankel anathamanga maulendo 14 kuyambira 2010 mpaka 2012, anawina onse. Pa mpikisano womaliza Cecil mawu anali atatha, ankangonong'ona. Anamwalira mu June 2013.

Sindikunena kuti nawe Frankel akubwera, ambiri a ife sitimuona mpaka kufa. Ndikungoti eni akavalo amabwera n'kupita ngakhale kwa Cecil.

Kalondolondo: Ndipo ndalama sizigula liwiro. The Green Monkey anagulidwa madola 16 miliyoni mu 2006, anathamanga katatu, sanawineko. Snaafi Dancer anagulidwa madola 10.2 miliyoni mu 1983, sanaponde n'komwe pa mpikisano, ndipo atamuika kuti azibereketsa zinakanikanso. Chikomekome cha nkuyu. Pamene Rich Strike anagulidwa madola 30,000 okha, analowa mu Kentucky Derby ya 2022 kutatsala tsiku limodzi chifukwa kavalo wina anachotsedwa, obetcha anamuika pa 80 kwa 1 poona kuti alibe mwayi, n'kuwina. Mphunzitsi wake Eric Reed anali atataya akavalo 23 pa moto umene unatentha khola lake mu 2016, ndipo anatsala pang'ono kuisiya ntchitoyi.

Sindibetcha: Nkhani zimenezi n'zimene zimakusungani mu ntchitoyi, ngati mmene wa njuga amakumbukira tsiku limodzi lomwe anawina. Koma Wam'khola, pa ichi chokha ndakupatsa ulemu.

Wokwera Wakale: Achemwali mwatiponda pachilonda, koma si bodza. Ndikuuzeni chimene chinkandisunga ine, si mipikisano. Ndi m'mawa, kukuzizira, nthunzi ikutuluka m'mphuno mwa akavalo. Kavalo akafika pa liwiro lake lenileni amapuma kamodzi pa sitepe iliyonse, ndiye umamva fuu, fuu, fuu, mogwirizana ndi ziboda, ngati ng'oma. Mtima wake umene m'khola umagunda ka 35 pa mphindi umapitirira 200, ndipo umaumva m'maondo mwako. Tsiku limene kavalo amene wakhala akukukanira miyezi itatu wamasuka khosi n'kukupatsa zonse, palibe woonerera, palibe ndalama, uli wekha ndi mphunzitsi ali ndi wotchi m'manja kutali uko. Zoipa zake ndinazionanso: kudzisala chakudya, kukhala m'chipinda cha nthunzi kuti nditaye kilogalamu imodzi, mano kutha. Koma m'mawa umenewo ndimaulota mpaka pano.

Mnyamata wa Matikiti: Funso lapambali: bwanji osangomusiya abereke, poti ndi wamkazi? Ndiye mwini wake apezepo kenakake.

Gogo Chishalo: N'zotheka, koma ana a kavalo amene sanawineko sagulidwa bwino pokhapokha mtundu wake ukhale wotchuka. Komanso ndi njira yaitali: bere miyezi 11, mwana adikire zaka ziwiri asanathamange. Ndipo pa akavalo a mtundu wa Thoroughbred salola kubereketsa ndi jakisoni, wamkazi ayenera kupita kwa wamphongo, ndipo wamphongo wabwino mtengo wake ndi wosayamba. Pali ndi nkhani ya tsiku lobadwa: kumpoto kwa dziko lapansi akavalo onse amawerengedwa kuti awonjezera chaka pa 1 January, ku South Africa ndi ku Australia pa 1 August. Mwana wobadwa mochedwa m'nyengo amapikisana ndi anzake omuposa miyezi itatu kapena inayi. Ndiye ngakhale kukweretsa kumene kuli ndi kalendala yake. Zisiyeni kaye zimenezo, mwendo uyambe wazizira.

Wam'khola: Lero Loweruka madzulo, ndikudziwitseni mmene zathera. Akavalo awiri aja anabweradi kudzawatenga dzulo. Mnyamata amene ankawasamalira anawakweza yekha mu lole, kenako anakakhala kuseri kwa nkhokwe ya udzu pafupifupi ola lathunthu. Sindinamutsatire.

Mpikisano wa mamita 1,600 uja ndinauonera ndili chiimire pa mpanda. Wawina ndi kavalo amene wathuyu anamusiya kutali mwezi watha. Ndinamva ngati ndameza mwala. Koma tinapitanso ndi kavalo wina, wofulidwa wa zaka zisanu ndi ziwiri, waulesi, amene amagona chogona masana ndipo timangomusunga chifukwa mwini wake ndi mayi wachikulire wosadandaula. Usiku kunagwa mvula, bwalo linafewa, ndipo mkuluyu matope amawakonda. Wafika wachiwiri, kusiyana ndi woyamba khosi lokha. Mayi aja analira, anandipsompsona pachipumi anthu akuona. Ndalama zake zikwanira udzu wa mwezi uno.

Abwana ndawauza zonse kuchipatala. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anangofunsa kuti, "Unagwira ndi dzanja liti?" Ndinati lamanzere. Anati, "Mawa ugwirenso onse 14, uyambire kwa wofulidwayo, wathamanga m'matope."

Gogo Chishalo: Akunena zoona abwana akowo. Umuyang'anenso kumbuyo kwa ziboda, matope amabisa mabala a kudziponda.

Dokotala wa Ziweto: Nanga wodwala wathu ali bwanji?

Wam'khola: Kutentha kwatsikako, adokotala. Koma ataona lole ya mpikisano ikunyamuka m'mawa popanda iye, anamenya chitseko mpaka thabwa limodzi lathyoka. Pomuyendetsa mphindi zisanu zija anaima ndi miyendo iwiri kawiri konse, n'kundiluma jekete paphewa. Kodi ndingamupatse chiyani kuti akhazikike? Miyezi isanu ndi inayi ya chonchi, wovulala adzakhala ine.

Dokotala wa Ziweto: Za mankhwala oziziritsa mtima mufunse dokotala amene akumuona, alipo oyenera masabata oyambawa. Koma yambani ndi izi: udzu wouma muuike mu ukonde wa timabowo ting'onoting'ono kuti azitha nthawi akusolola, mumuyendetse dzuwa litakwera anzake atabwerako kale, muvale chipewa cholimba, ndipo musamayende naye nokha.

Wokwera Wakale: Umusamutsire khola loyandikana ndi la mkulu waulesi uja, azionana pa zenera. Ulesi umapatsirana. Ena amaika mbuzi kapena kabulu m'khola, ine ndinaonapo kavalo wolusa amene sankadya mbuzi yake ikapanda kukhalapo.

Wam'khola: Khola loyandikana nalo ndi limodzi mwa awiri atsala opanda kanthu aja. Ndimusamutsa mawa ndikamaliza kugwira miyendo. Za mbuzi ndiyambe ndafunsa abwana.